Yantra pa mapemphero a Ahindu: mafunso ndi mayankho

Mlendo akalowa m'chipinda chopemphereramo cha banja la Chihindu, maso ake amathamangira ku zifaniziro za milungu, ku nyali ndi ku maluwa. Kachitsulo kamkuwa kolembedwa mizere yopingasana, kamene kamakhala phee patsogolo pa zonsezo, ambiri sakaona n'komwe. Komatu m'nyumba zina kachitsuloko ndiko kamene kamalandira ulemu woposa china chilichonse m'chipindamo. Dzina lake ndi yantra. M'munsimu muli mafunso amene munthu angakhale nawo atakaona koyamba.

Kodi yantra n'chiyani kwenikweni?

Liwuli ndi la chinenero chakale cha ku India cha Sanskrit, ndipo tanthauzo lake loyamba ndi chida kapena chipangizo. Limachokera ku tsinde lakuti yam, kutanthauza kugwira kapena kusunga chinthu kuti chisabalalike. Mpaka lero m'zinenero zambiri za ku India makina amatchedwa ndi liwu lomweli. Mfumu Jai Singh II itamanga malo oyezera kayendedwe ka dzuwa ndi nyenyezi ku Jaipur, amene anatha mu 1734, zipangizo zake zamiyala zinatchedwanso ma yantra. Chachikulu mwa izo, Samrat Yantra, ndi wotchi ya dzuwa yotalika mamita pafupifupi 27.

Pa mapemphero, yantra ndi chojambula cha mizere, mikombero ndi makona chimene chimakhala mpando wa mulungu wina wake. Ntchito yake ndi kugwira zinthu ziwiri nthawi imodzi: mtima wa wopembedza kuti usayendeyende, ndi kupezeka kwa mulunguyo kuti kukhazikike pamalo amodzi. Aphunzitsi a mwambowu amakonda kunena kuti mantra, mawu opatulika obwerezedwa, ndiwo moyo wa mulungu, pomwe yantra ndilo thupi lake. Thupi lopanda moyo ndi mtembo, choncho yantra siyenda yokha popanda mantra.

Nanga mizereyo ili ndi tanthauzo, kapena ndi luso lokongoletsa chabe?

Chilichonse chili pamalo pake pa chifukwa. Pakati penipeni pamakhala kadontho kotchedwa bindu. Kameneka kamaimira chiyambi cha zonse, pamene chilengedwe chinali chisanatambasuke. Kenako pamabwera trikona, chojambula cha makona atatu. Ikaloza kumwamba imaimira mulungu Shiva, mbali yachimuna yokhala chete ndi yodziwa zonse. Ikaloza pansi imaimira Shakti, mphamvu yachikazi imene imabala ndi kuyendetsa zinthu. Ziwirizi zikalowana zimapanga nyenyezi ya nsonga 6 yotchedwa shatkona, imene Atamil, anthu a kummwera kwa India, amaigwirizanitsa kwambiri ndi mulungu Murugan. Kuzungulira pamenepo pamajambulidwa timasamba ta duwa la lotasi, duwa lofanana ndi kakombo wa m'madzi, lomera m'matope koma lotuluka loyera. Kunja kwenikweni kuli mpanda wa makona anayi wotchedwa bhupura, wokhala ndi zipata zinayi zoyang'ana kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kummwera.

Mukaziyang'ana bwino muona kuti ndi mapu a mudzi wachifumu: linga, zipata, mabwalo, kenako chipinda chamkati mmene muli mwini wake.

Bwanji anthu ambiri amangotchula Sri Yantra? Ndiye kuti ina kulibe?

Ilipo yambiri. Mulungu wamkazi Kali ali ndi yake, yodziwika ndi ma trikona oloza pansi olowana wina m'kati mwa mnzake. Milungu ina monga Ganesha, Durga, Hanuman, ndi milungu 9 ya dzuwa, mwezi ndi mapulaneti yotchedwa Navagraha, yonse ili ndi yake. Koma Sri Yantra, imene ena amati Sri Chakra, ndiyo imatengedwa ngati mfumu ya onse, ndipo ndi ya mulungu wamkazi Lalita Tripurasundari, amene amapembedzedwa mu mwambo wa Sri Vidya.

Mamangidwe ake ali motere. Pali ma trikona akuluakulu 9: anayi a Shiva oloza kumwamba, asanu a Shakti oloza pansi. Akalowana amabala ma trikona ang'onoang'ono 43, osanjidwa m'magulu kuchokera kunja: 14, kenako 10, 10 enanso, 8, ndi imodzi yapakati yokhala ndi bindu. Ena akawerengera bindu yomwe amati 44. Kunja kwa ma trikonawo kuli duwa la timasamba 8, lina la timasamba 16, mikombero, ndiye mpanda uja.

Imapangidwa yafulati pa chitsulo kapena pa pepala, komanso imapangidwa yotumphuka ngati kaphiri, bindu ikukhala pansonga. Yoteroyo imatchedwa Meru, potengera phiri limene Ahindu amati lili pakati pa chilengedwe.

Amati kuijambula n'kovuta. Chovuta n'chiyani pa mizere yowongoka?

Yesani ndi pensulo ndi rula, muona. Pali malo angapo pamene mizere itatu iyenera kudutsana pa kadontho kamodzi ndendende. Mukasuntha mzere umodzi pang'ono kuti mukonze mphambano ina, mphambano ina kutali imatseguka n'kubala ka trikona kosafunika. Ndiye kuti chiwerengero sichikhalanso 43. Kwa opembedza ichi si chilema chongoipitsa maonekedwe, pakuti ka trikona kalikonse ndi nyumba ya mulungu wodziwika dzina lake. Kowonjezerako ndi chipinda chopanda mwini. N'chifukwa chake odziwa zinthu akamagula Sri Yantra amayamba ayang'anitsitsa mphambano, kunyezimira kwa chitsulo amakuona pambuyo.

Tsono amapembedza bwanji pa chojambula?

Funso limeneli ndilo mtima wa nkhani yonse, ndipo munthu akalimvetsa, mafunso enawo amapepuka.

Pemphero lalikulu la Sri Yantra limatchedwa Navavarana puja, kutanthauza kupembedza kwa zotchinga 9. Wopembedza amasamba, amakhala pansi, amayatsa nyali ndi lubani. Asanakhudze yantra amayamba wadzikonza yekha mwa mwambo wa nyasa: amakhudza mutu, mtima, mapewa, manja ndi ziwalo zina akutchula mantra, ngati akuika mulunguyo m'thupi mwake momwe. Chiphunzitso chake n'chakuti munthu sangalambire mulungu ali mlendo kwa iye. Kenako, mwa kusinkhasinkha, amatenga Lalita kuchokera mumtima mwake n'kumukhazika pa bindu, kawirikawiri kudzera m'maluwa amene wagwira m'manja.

Apa ulendo umayamba. Amalowera pa mpanda wakunja, chotchinga choyamba chotchedwa Trailokyamohana, chokopa maiko atatu. M'mizere ya mpandawu mumakhala milungu yaikazi, ina mwa iyo ndi amayi 8 otchedwa Matrika. Buku lina la mwambowu, Bhavana Upanishad, limawagwirizanitsa ndi zimene zili mwa munthu: chilakolako, mkwiyo, umbombo, kusokonezeka maganizo, kunyada, nsanje, ndiponso zabwino ndi zoipa zimene munthu wachita. Ine chimene chimandigwira mtima ndi chakuti zinthu zimenezi sazithamangitsa ndi chikwapu. Amazitchula dzina, amazipatsa duwa, n'kupitirira. Munthu amavomereza kuti mkwiyo ulimo mwa iye, koma malo ake ndi kuchipata, osati pampando.

Chotchinga chachiwiri, timasamba 16 tija, ndi mphamvu zokoka: zokoka chikhumbo, nzeru, kudzimva kuti "ine", kumva, kukhudza, kuona, kulawa, kununkhiza, kukumbukira, mpaka thupi lomwe. Akapitirira timasamba 8 amalowa m'ma trikona. Gulu la 10 lamkati ndi Sarvarakshakara, choteteza ku zonse. Gulu la 8 ndi Sarvarogahara, chochotsa matenda onse, ndipo mmenemo mumakhala milungu ya kulankhula. M'mbali mwa trikona yapakati amalemekeza milungu yaikazi 15 yotchedwa Nitya, imene imayenda ndi masiku a mwezi kuchokera pamene waoneka mpaka utakhala wathunthu. Pomaliza amafika pa bindu, Sarvanandamaya, podzaza ndi chimwemwe chonse, pamene Shiva ndi Shakti salinso awiri.

Pa mulungu aliyense amatchula dzina, amaponya duwa kapena ufa wofiira wa kumkum, ndi kudontheza madzi opatulika. Mwambo wathunthu umadya maola angapo. N'chifukwa chake ambiri amauchita pa masiku osankhika: Lachisanu, usiku wa mwezi wathunthu, ndi pa Navaratri, chikondwerero cha mausiku 9 chimene chimagwa mu September kapena October. Masiku wamba amangotchula mndandanda wa mayina a milungu ya m'zotchingamo, wotchedwa Khadgamala, umene umatha m'mphindi zochepa, kapena mayina 1,000 a Lalita akuthira kumkum pa dzina lililonse. Akamaliza, mizere yonse imakhala itakwiririka ndi kamulu kofiira, ndipo kumkum ameneyo amagawira anthu kuti adzole pamphumi.

Ulendowu umayendanso chobwerera. Kuyambira pa bindu kupita kunja ndi srishti krama, njira ya kulenga, mmene chimodzi chinasandukira zambiri. Kuyambira kunja kulowa m'kati ndi samhara krama, njira ya kubwerera kwawo. Mibadwo ya aphunzitsi imasiyana pa imene imatsata. Potseka, wopembedza amabweza Lalita mumtima mmene anamutenga.

Chitsulo chogula kusitolo chimasanduka bwanji chopatulika?

Mwa mwambo wa prana pratishtha, kukhazika mpweya wa moyo. Ndi mwambo womwewo umene amachitira zifaniziro za m'kachisi. Yantra imatsukidwa, imasambitsidwa ndi panchamrita, chisakanizo cha mkaka, chambiko, mafuta a batala otchedwa ghee, uchi ndi shuga, kenako wansembe kapena guru, mphunzitsi wauzimu, amaikapo dzanja akutchula mantra zoitanira mulunguyo. Zisanachitike izi ndi mkuwa chabe. Zikachitika, amaitenga ngati mlendo wolemekezeka amene wabwera kudzakhala: amafuna madzi, nyali, chakudya ndi moni tsiku ndi tsiku.

Zopangira zimasiyana. Mkuwa ndiwo wofala. Palinso siliva, golide, mwala woonekera wa sphatika, ndi panchaloha, chisakanizo cha zitsulo zisanu. Kumpoto kwa India kale ankalemba pa khungwa la mtengo wa bhurja. Ina imajambulidwa pansi ndi ufa wa mpunga, chikasu ndi kumkum ya mwambo umodzi wokha, ndipo mwambowo ukatha amatsanzikana ndi mulunguyo n'kufafaniza.

Popeza ali kale ndi zifaniziro za milungu, yantra ndi ya chiyaninso?

Aphunzitsi a Sri Vidya amati mulungu wamkazi amadziwika mwa njira zitatu: maonekedwe a thupi okhala ndi nkhope ndi manja, maonekedwe obisika a mawu, ndi maonekedwe opambana onse amene munthu amangowapeza m'kati mwake. Chifaniziro chimakoka chikondi, chifukwa munthu savutika kukonda nkhope. Yantra imakoka maganizo n'kuwalondolera pakati. Siziphana, ndipo m'makachisi ambiri pansi pa chifaniziro amakwirirapo yantra pochikhazika.

Pali malo ena pamene yantra ndiyo ili patsogolo. Ku Ambaji, m'boma la Banaskantha ku Gujarat, kachisi wa mulungu wamkazi Amba alibe chifaniziro m'chipinda chopatulika. Muli yantra yotchedwa Visa Yantra, imene ansembe amaiveka nsalu ndi zokongoletsa mpaka wakutali amaona ngati ndi thupi la mulunguyo, ndipo kuijambula chithunzi n'koletsedwa. Ku Kanchipuram, m'chigawo cha Tamil Nadu, patsogolo pa chifaniziro cha mulungu wamkazi Kamakshi pali Sri Chakra imene imalandira zopereka. Mwambo wa kumeneko umati mulunguyo anali waukali, ndipo mphunzitsi Adi Shankara ndiye anakhazika chojambulacho kuti ukaliwo uzizire. Nkhani yofanana imanenedwa za mulungu wamkazi Akhilandeswari ku Thiruvanaikaval, amene ndolo zake zinapangidwa m'maonekedwe a Sri Chakra.

Tinene zoona: si chithumwa chimenechi?

Funsoli ndi loyenera, ndipo siliyankhika ndi "ayi" wamba. Alipo ma yantra amene anthu amawagwiritsa ntchito mofanana ndi chithumwa. Amalembedwa pa kachitsulo kopyapyala, kamapindidwa, kamaikidwa m'kachubu ka siliva n'kumangidwa m'khosi kapena pamkono kuti kateteze mwana kapena wodwala. Alipo a manambala: ya Surya, dzuwa, ili ndi timabokosi 9 mmene mzere uliwonse ukawonkhetsa umapereka 15, ndipo ya Kubera, msungachuma wa milungu, mizere yake imapereka 72. Eni masitolo amaiika pafupi ndi bokosi la ndalama. Mabuku ena a Tantra, miyambo yachinsinsi yogwiritsa ntchito mantra ndi yantra, amafotokozanso ma yantra okopera munthu, oimitsira mdani, ngakhale opweteka. Kubisa zimenezi kungakhale kunama.

Koma kuweruza mwambo wonse ndi mbali imeneyi n'kuphonya chachikulu. Chithumwa munthu amangochivala n'kuiwala, akuyembekeza kuti chigwira ntchito chokha. Sri Yantra imafuna munthu wathunthu: adzuke m'mawa, asambe, aloweze mayina, akhale pansi, ayang'ane mtima wake chotchinga ndi chotchinga kwa zaka. Chimene akufuna pamapeto ndi kuzindikira kuti iye, guru wake, mantra, yantra ndi mulunguyo ndi chinthu chimodzi. Mwa kuona kwanga, amalonda amene amalengeza kuti yantra yawo ibweretsa chuma m'masabata ochepa akuchepsa chinthu chimene anthu achisamalira kwa zaka mazana, ndipo amene amapwetekeka kwambiri ndi osauka ndi ovutika mtima amene amagula ndi ndalama yawo yomaliza.

Kodi aliyense angachite mapempherowa?

Kuyatsa nyali, kuika duwa ndi kutchula mayina a mulungu, palibe amene amaletsa. Koma Navavarana puja yathunthu, pamodzi ndi mantra yake ya zilembo 15 yotchedwa Panchadashi, mwambo umati munthu ailandire kwa guru kudzera mu diksha, kulowetsedwa. Mantra imeneyi kwa nthawi yaitali inali chinsinsi chonong'onezedwa m'khutu, ndipo kummwera kwa India inkasungidwa makamaka m'mabanja a Abrahmin, gulu lobadwira la ansembe.

Si onse anagwirizana ndi kutsekereza kotere, ndipo mbali ina ya nkhaniyi inachitikira ku Lusaka. Nishtala Prahlada Sastry, amene anabadwa mu 1934 n'kumwalira mu 2015, anali katswiri wa sayansi ya fizikisi ku Tata Institute of Fundamental Research ku Mumbai, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anakaphunzitsa pa University of Zambia. Pa dzina lake lauzimu, Amritananda Natha Saraswati, anaphunzitsa Sri Vidya kwa aliyense wofuna, mkazi kapena mwamuna, posayang'ana gulu lobadwira. Atabwerera ku India anamanga Devipuram pafupi ndi Visakhapatnam, kachisi womangidwa yense m'maonekedwe a Sri Meru: mapazi 108 mbali iliyonse pansi, mapazi 54 kupita m'mwamba, ndipo anapatulidwa mu 1994. Kumeneko munthu amayenda ndi miyendo m'kati mwa yantra, akukumana ndi milungu ya m'zotchinga ngati ziboliboli zazikulu ngati anthu. Wophunzira wake wina wa ku Sri Lanka, Chaitanyananda, amene anthu amamutcha Aiya, anayambitsa malo opembedzera ku Zambia konko, ndipo pambuyo pake anawasamutsira ku Rush, New York, kumene kachisi wa Sri Rajarajeswari Peetam amadziwika chifukwa amayi ndi anthu osakhala Abrahmin amachita okha miyambo ya paguwa. Ena osunga mwambo wakale sakondwa nazo, ndipo mkanganowo ulipobe.

Yantra, mandala ndi kolam n'chimodzimodzi?

Ndi pachibale. Mandala amatanthauza mkombero, ndipo kawirikawiri amakhala wamkulu, wamitundumitundu, wojambulidwa pa mwambo wina wake. Abuda a ku Tibet amapanga awo ndi mchenga. Omanga makachisi a Chihindu amayala maziko potsata Vastu Purusha Mandala, bwalo la makona anayi logawidwa m'timabokosi 64 kapena 81. Kolam ndi zojambula zimene amayi a ku Tamil Nadu amalemba pakhomo m'bandakucha ndi ufa wa mpunga, polandira Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, ndi alendo, ufawo n'kukhalanso chakudya cha nyerere ndi mbalame. Kolam amapondedwa n'kufufutika pofika madzulo. Yantra yopatulidwa siipondedwa.

Zinayamba liti?

Kugwirizanitsa muyezo wa mizere ndi nsembe n'kwakale kwambiri ku India. Mabuku a Shulba Sutra, olembedwa zaka mazana angapo Yesu asanabadwe, amalangiza mmene angamangire maguwa a moto a njerwa poyeza ndi chingwe, ena m'maonekedwe a kabawi wotambasula mapiko. Koma ma yantra monga tikuwadziwa lero anakula ndi miyambo ya Tantra m'zaka za pakati pa 500 ndi 1200. Mabuku oyambirira a Sri Vidya anafotokozedwa ndi akatswiri a ku Kashmir, kenako mwambowo unazika mizu kummwera kwa India. Ndakatulo ya Saundarya Lahari, imene mwambo umati ndi ya Adi Shankara, imalongosola Sri Chakra m'ndime yake ya 11, ndipo m'zaka za m'ma 1700 katswiri Bhaskararaya analemba ndemanga zimene otsatira Sri Vidya amadalirabe.

Pa intaneti ndinaona kuti Sri Yantra inaoneka yokha m'chipululu ku America. N'zoona?

Chojambulacho chinalipodi, koma chinapangidwa ndi anthu. Mu 1990 woyendetsa ndege ya asilikali anaona Sri Yantra yaikulu pa nyanja youma ya Mickey Basin ku Oregon, mizere yake yonse pamodzi yopitirira makilomita 20. Mphekesera zinawanda, mpaka katswiri wa zojambula Bill Witherspoon wa ku Iowa anaulula kuti anailima iye ndi anzake ndi kakhasu kokoka. Mwambo umene uli ndi kuya kotere sufunika nthano zoterezi kuti uime.

Yantra ya m'nyumba amaisamala bwanji?

Amaiika pamalo oyera, pa nsalu kapena pa mbale, osati pansi penipeni, ndipo ambiri amakonda mbali ya kum'mawa kapena kumpoto chakum'mawa kwa nyumba. Mkuwa ukada amautsuka ndi bwemba kapena ndimu, mosamala kuti mizere isafufutike. Saikhudza ndi m'manja mosasamba. Banja likamachoka ulendo wautali, ena amainyamula, ena amaisiya kwa wachibale wodziwa mwambo. Ichi n'chifukwa chake aphunzitsi ena amalangiza munthu wotanganidwa kuti asathamangire kupatulitsa Meru. Kuli bwino chithunzi wamba ndi nyali imodzi kusiyana ndi kuitana mlendo amene sudzatha kumusamala.

Ine si Mhindu. Ndikaiona kwa mnzanga, kapena wina akandipatsa, nditani?

Mukalowa m'chipinda chopemphereramo vulani nsapato, musaloze mapazi ku guwa mukakhala pansi, ndipo musaikhudze kapena kuijambula musanapemphe. Funsani mafunso, eni ake ambiri amakondwa kufotokoza, ngakhale pali mantra zimene sangakuuzeni, ndipo kukana kumeneko si mwano. Akakupatsani kumkum kapena chakudya cha paguwa ndipo chikhulupiriro chanu sichikulolani, kanani mwaulemu, adzamva.

Ngati mwapatsidwa yantra ngati mphatso, funsani ngati inachitiridwa prana pratishtha. Ngati sinachitiridwe, ndi chojambula chimene mungasunge pamalo aulemu. Ngati inachitiridwa ndipo simudzaipembedza, musaiponye m'dzala kapena kuisandutsa poikira kapu ya tiyi. Ibwezeni kwa amene anakupatsani, kapena mukaipereke ku kachisi wa Ahindu amene ali pafupi nanu, ansembe akaone chochita nayo.